Ndani Alamula Liwiro pa Cipata ca Sukulu?

Aphunzitsi ndi ana nonse amene mutsatira maphunziro athu a mbiri yakale, nkhani ya lero iyambira pa cipata ca sukulu yanu. Ambiri a inu muphunzira pa masukulu omangidwa m'mbali mwa mseu waukulu. Ena muli pa mseu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, ena pa mseu wa ku Kabwe ndi Kapiri Mposhi, enanso pa mseu wa ku Livingstone. M'mawa uliwonse muimirira m'mphepete mwa tara, mabuku kukhwapa, kudikira kuti basi ipite, lole ipite, kenaka muthamange kuoloka.

Tsiku lina tinapita ku sukulu ina ya m'mbali mwa mseu wotere kukajambula nyimbo za ana. Katatu konse tinaimitsa makina cifukwa mkokomo wa malole unameza mau a oimba. Nthawi yoweruka itakwana ndinaona mphunzitsi wamkazi atanyamula kansalu kofiira komangirira ku kamtengo, naimirira pakati pa mseu kuti ana a giredi 1 aoloke. Madalaivala ena anaima. Wina anangoliza huta napitirira. Ndinafunsa aphunzitsi aakulu kuti, "Bwanji osaika cikwangwani ca liwiro pano, kapena mahampu?" Iwo anapukusa mutu nati, "Bambo, ana ndi athu, koma mseu ndi wa boma."

Mlandu umenewu, wa pakati pa eni ana ndi eni mseu, sunayambe lero, ndiponso sunayambire kuno. Kuti tiumvetse tipite ku Britain, pakuti malamulo athu a pamseu anacokera kumeneko m'nthawi ya atsamunda: kuyendetsa kumanzere, laisensi ya dalaivala, mizere yoyera ya poolokera. Kumeneko ayesa mtunda ndi mamailosi. Mailo imodzi ndi makilomita 1.6, ndipo ine ndidzakupatsani makilomita kuti musabvutike.

Galimoto isanabadwe, m'miseu ya ku Britain munayamba kuyenda makina a nthunzi, ziinjini zolemera zacitsulo zimene zinali kukoka katundu ndi zipangizo za m'mafamu. Zinali kufuka utsi, kulira ngati sitima, ndi kuononga miseu ndi maulalo. Akavalo akakumana nazo anali kudzidzimuka ndi kuthawa ndi ngolo zomwe. Motero mu 1865 Nyumba ya Malamulo ya ku London inalamula kuti makina otere asapitirire makilomita 6 pa ola kumidzi, ndi makilomita 3 pa ola m'matauni. Inalamulanso kuti pa makina alionse pakhale anthu atatu, ndipo mmodzi wa iwo aziyenda pansi mamita 55 patsogolo, atanyamula mbendera yofiira yocenjeza anthu. Taganizani, makilomita 3 pa ola ndi mayendedwe a agogo anu pocokera kumunda ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Mwana wa giredi 3 akanatha kuwapitirira makinawo osathamanga nkomwe.

Anthu amaliseka lamulo limenelo masiku ano. Komatu pa nthawiyo eni mseu anali oyenda pansi, akavalo ndi ana osewera. Makina ndiwo anali mlendo, ndipo mlendo ndiye aodira. Mu 1878 lamulolo linasinthidwa. Mbendera sinakakamizidwenso, ngakhale munthu woyenda patsogolo anatsala, ndipo akuluakulu a m'zigawo anapatsidwa mphamvu zoika maola amene makina angayende ndi zolipiritsa laisensi. Pamenepo panabuka bvuto. Cigawo ciriconse cinapanga malamulo akeake, kotero kuti mwini makina akaoloka malire anali kupeza maola ena ndi msonkho wina. Mulikumbukire bvuto limeneli, pakuti ndilo limene maboma achula kufikira lero pokana kupatsa mudzi uliwonse mphamvu pa mseu wodutsa pakati pake.

Magalimoto oyamba a petulo atafika, anagwa m'lamulo lomweli. Pa 28 Januwale 1896 bambo wina dzina lake Walter Arnold anali kuyendetsa galimoto ku Paddock Wood, m'cigawo ca Kent, pa liwiro la makilomita 13 pa ola. Wapolisi anamuthamangitsa pa njinga namugwira, ndipo khoti linamulipiritsa sheleni imodzi pamodzi ndi ndalama za mlandu. Akumbukidwa ngati munthu woyamba m'dzikomo kulipira mlandu wa liwiro la galimoto. Pa 17 Ogasiti caka comweco mai Bridget Driscoll, a zaka 44, anagundidwa ndi galimoto pa bwalo la Crystal Palace mu London namwalira. Ndiwo anali woyenda pansi woyamba kuphedwa ndi galimoto ku Britain, ndipo dalaivala wake anati galimotoyo inali kuyenda makilomita 6 cabe pa ola. Patapita miyezi itatu, pa 14 Novembala, lamulo latsopano linamasula magalimoto opepuka. Munthu woyenda patsogolo anacotsedwa, ndipo liwiro linakwezedwa kufika makilomita 19 pa ola. Eni magalimoto anasangalala ndi ulendo wocokera ku London kupita ku Brighton, umene aukumbukira caka ndi caka kufikira lero.

Lamulo limene litikhudza kwambiri m'phunziro lino ndi la mu 1903. Linabweretsa manambala a pagalimoto ndi laisensi ya woyendetsa, imene munthu anali kungogula popanda mayeso alionse. Linakwezanso liwiro kufika makilomita 32 pa ola. Koma aphungu ocokera kumidzi anali atamva madandaulo a anthu ao. Miseu yambiri inalibe tara, ndipo galimoto ikadutsa fumbi linali kulowa m'nyumba, m'mkaka ndi m'zocapa zoyanika. Nkhuku ndi agalu anali kufera pamseu. Ana a anthu osauka analibe bwalo lina losewerera koma mseu wa pakhomo pao, pamene galimoto inali cinthu ca olemera okha. Conco lamulolo linasiya kakhomo kakang'ono: khonsolo inali ndi ufulu wopempha kuti pamalo ena oopsa liwiro litsitsidwe kufika makilomita 16 pa ola.

Tamvetsani bwino mau akuti kupempha. Khonsolo sinapatsidwe mphamvu yotsitsa liwiro. Inapatsidwa mphamvu yolemba kalata ku London, ku ofesi ya boma yoyang'anira makhonsolo. Ofesiyo inali kutuma munthu wake kudzamva mbali zonse, ndipo magulu a eni magalimoto anali kufika kudzatsutsa. Zopempha zambiri zinakanidwa, zina zinabvomerezedwa pa kacigawo kakafupi ka mseu. Akuluakulu a ku London anaopa kuti khonsolo iriyonse ikapatsidwa cimene ifuna, ulendo wa pagalimoto udzakhala wodukaduka monga wa makina a nthunzi aja, ndipo nchito yopanga magalimoto idzatsalira m'mbuyo mwa France ndi Germany. Mantha amenewo sanali opusa. Koma anthu a m'midzi nao anali ndi yankho, lomwe makolo athu analinena kalekale, lakuti wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Wodziwa pamene ana aolokera, ndi ola limene aolokera, ndi munthu wokhala pomwepo, osati wa mu ofesi ya kutali.

Eni magalimoto sanagone. Mu 1905 anayambitsa bungwe la Automobile Association, ndipo nchito yake yoyamba inali kuika anyamata a pa njinga m'miseu kuti azicenjeza mamembala pamene apolisi abisala ndi mawochi oyesera liwiro. Khoti litaweruza kuti kucenjeza kotero ndi kusokoneza nchito ya apolisi, bungwelo linapeza njira ina. Mnyamata wa yunifolomu anali kucitira saluti membala aliyense wodutsa, ndipo akapanda kucita saluti, membalayo anali kudziwa kuti kutsogolo kuli kanthu. Madalaivala athu amene aphethiritsa magetsi kwa anzao pafupi ndi apolisi asaganize kuti nzeru imeneyo inayamba ndi iwo.

Pofika m'zaka za m'ma 1920 magalimoto anali ataculuka ndi kukula mphamvu, ndipo pafupifupi dalaivala aliyense anali kuswa lamulo la makilomita 32. Boma linaganiza kuti lamulo losamveredwa linyozetsa malamulo ena onse. M'malo molilimbitsa, linalicotsa. Kuyambira pa 1 Januwale 1931, pamene nduna ya zamtengatenga inali Herbert Morrison, lamulo la liwiro la magalimoto ang'onoang'ono linatha, m'tauni ndi kumudzi komwe. Dalaivala anangouzidwa kuyendetsa mosamala, ndipo kunaturuka kabuku ka malangizo kochedwa Highway Code, kogulidwa ndi peni imodzi. Mu 1934 anthu 7,343 anafa m'miseu ya Britain, ndipo pafupifupi theka la iwo anali oyenda pansi. Tisainamizire mbiri ai: imfa zinali zoculuka kale lamulo lisanacotsedwe, pakuti mu 1930 anafa anthu 7,305. Cimene cinaoneka ndi cakuti kudalira cifundo ca dalaivala sikunaciritse nthendayo. Magalimoto onse a m'dzikomo pa nthawiyo sanafike mamiliyoni atatu. Masiku ano aposa mamiliyoni 40, koma akufa pa caka safika 2,000.

Bungwe la anthu oyenda pansi, limene linayambika mu 1929, linali kufuula kosalekeza, ndipo mu 1934 Nyumba ya Malamulo inabwerera m'mbuyo. Kuyambira pa 18 Marichi 1935 liwiro la m'malo okhala anthu linaikidwa pa makilomita 48 pa ola. Madalaivala atsopano anayamba kuyesedwa mayeso. Nduna yatsopano, Leslie Hore-Belisha, inaimika pa malo oolokera mitengo ya mizere yakuda ndi yoyera yokhala ndi mpira wacikasu pamwamba, imene anthu aichula ndi dzina lake mpaka lero. Mu 1935 imfa zinatsika kufika pafupifupi 6,500.

Nanga malo okhala anthu adziwika bwanji? Apa ndi pamene ndifuna kuti aphunzitsi a kumidzi mucherere khutu. Lamulo linati malo otere ndi mseu umene uli ndi nyale za m'mbali zosatalikirana kuposa mamita 183. Kunali kucenjera ndithu, pakuti dalaivala akaona nyale anali kudziwa yekha liwiro loyenera. Koma kamudzi kopanda nyale, ngakhale sukulu yake itakhala pamphepete penipeni pa mseu, kanatsala kunja kwa lamulo, pokhapokha khonsolo itapempha ndipo nduna itabvomera. Lamulo linateteza mwana wa m'tauni cifukwa ca mizati ya nyale, nasiya mwana wa kumudzi cifukwa ca mdima. M'miseu ya kunja kwa matauni munalibe malire a liwiro a dziko lonse kufikira mu Disembala 1965, pamene anaika makilomita 113 pa ola.

Cinthu cina cinacitika pa 1 Epulo 1937. Miseu ikuluikulu 30, ya mtunda wa makilomita oposa 7,000, inacotsedwa m'manja mwa makhonsolo a zigawo ndi kupatsidwa kwa nduna. Cifukwa cake cinali comveka. Mseu umodzi wocokera ku London kupita ku Scotland unali kudutsa m'zigawo zambiri, ndipo pamalire pena unali kusanduka wopapatiza kapena wa maenje, malinga ndi thumba la khonsolo ya kumeneko. Mseu wa dziko lonse unafunika mwini mmodzi. Koma kuyambira tsiku limenelo mudzi wokhala pa mseu wotere unafanana ndi sukulu ija tinakajambulako nyimbo.

Popeza liwiro linali lobvuta kulikhudza, kwa zaka zambiri boma linatembenukira kwa mwana. Ana anaphunzitsidwa kuima m'mbali mwa mseu ngati asilikali, kuyang'ana kumanja, kumanzere, ndi kumanjanso, asanaoloke. Mu 1951 kunadza malo oolokera a mizere ya mbidzi. Mu 1953 lamulo linalola kulemba anthu oolotsa ana a sukulu, obvala majasi oyera ndi kunyamula cikwangwani pa ndodo, ndipo dalaivala wokana kuima anali ndi mlandu. Mu 1961 kunayambika kagulu ka ana aang'ono ka gologolo wa m'nthano wochedwa Tufty, ndipo mu 1971 kunaturuka malangizo oolokera ochedwa Green Cross Code.

Maphunziro amenewa ndi abwino, ndipo inu aphunzitsi musaleke kuwaphunzitsa. Koma ali ndi pothera pake. Mwana wa zaka 6 ndi wamfupi. Saona kuseri kwa basi yoima, nayenso dalaivala samuona. Mnzake akamuitana kutsidya kwa mseu, zonse munamuphunzitsa zimuturuka m'mutu. Mu 2011 akatswiri a ku koleji ya Royal Holloway, pafupi ndi London, anafalitsa zimene anapeza atayesa maso a ana a ku pulaimale: galimoto ikathamanga kuposa makilomita 32 pa ola, mwana angathe kulephera kuzindikira kuti iri kumuyandikira. Mungamukalipire mwanayo, mungamupatse cilango, koma maso ake akula pa nthawi yake.

Amene anayamba kunena zotere mokweza ndi makolo a ku Netherlands. Mu 1971 anthu pafupifupi 3,300 anafa m'miseu ya dziko laling'onolo, ndipo oposa 400 anali ana. Mtolankhani wina, Vic Langenhoff, amene mwana wake anaphedwa ndi galimoto, analemba nkhani mu 1972, ndipo mutu wa nkhaniyo unasanduka dzina la gulu la makolo, Stop de Kindermoord, ndiko kunena kuti lekani kupha ana. Makolowo anali kutseka miseu ya pakhomo pao ndi kuika matebulo pakati pake, ana akusewera pomwe panali kudutsa magalimoto. Mu 1976 boma linabvomereza miseu ya pakati pa nyumba imene galimoto iyenda pa liwiro la munthu wa pansi, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 makhonsolo analoledwa kupanga madera a makilomita 30 pa ola.

Britain inatsatira mocedwa. Madera oyamba a makilomita 32 pa ola anatsegulidwa mu 1991 ku Sheffield, ku Norwich ndi ku Kingston upon Thames. Sanangoika zikwangwani. Anaika mahampu ndi kucepetsa mseu m'malo ena, kuti mseu weniweniwo uzikakamiza dalaivala ngakhale wapolisi palibe. Koma dera lirilonse linafunika cilolezo ca nduna. Kalata ija ya mu 1903 inali kupitabe ku London. Mu 1996 bungwe lofufuza za miseu la Transport Research Laboratory linawerengera zotsatira zake, ndipo linapeza kuti m'madera amenewa ngozi zinacepa ndi 60 peresenti, ndipo ngozi za ana oyenda pansi zinacepa ndi 70 peresenti. Umboni utaculuka conco, mu 1999 boma linamasula dzanja: khonsolo inatha tsopano kutsitsa liwiro kufika makilomita 32 popanda kupempha. Zinatenga zaka 96. Mu 2008 mzinda wa Portsmouth unamaliza kuika liwiro limeneli pa miseu pafupifupi yonse ya pakati pa nyumba. Miseu ikuluikulu ya dziko yokha ndiyo inatsalabe m'manja mwa boma.

Kodi pamenepo mlandu unatha? Iai. Mphamvu ikaperekedwa kwa makhonsolo, dera la makolo ophunzira, odziwa kulemba makalata ndi kugogoda pa maofesi, liyamba kulandira mahampu, pamene dera la osauka, kumene ana ambiri ayenda pansi ndipo agundidwa kwambiri, lidikira. Khonsolo ina iri ndi ndalama, ina iribe. Boma la Wales linayesa kutembenuza nkhani yonse. Kuyambira pa 17 Sepitembala 2023 linalamula kuti makilomita 32 ndiwo akhale liwiro la masiku onse m'malo okhala anthu, ndipo khonsolo yofuna liwiro lalikulu pa mseu wina ndiyo ipereke zifukwa. Anthu pafupifupi 470,000, m'dziko la anthu mamiliyoni atatu, anasaina kalata yotsutsa, ndipo mu 2024 makhonsolo anapatsidwa malangizo atsopano owalola kubwezera miseu ina yaikulu ku makilomita 48. Komabe m'caka coyamba obvulala ndi akufa pa miseu yokhudzidwayo anacepa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anai.

Tsono tibwerere kwathu. Omanga miseu yathu ikuluikulu sanali kuganiza za ana a sukulu. Anali kuganiza za mkuwa, mafuta ndi cimanga, ndipo sitingawaimbe mlandu. Ian Smith atalengeza ufulu wake wacipanduko ku Rhodesia pa 11 Novembala 1965, mafuta odzera kumwera analeka kufika, ndipo malole anayamba kututa mafuta m'madiramu kucokera ku Dar es Salaam kudzera ku Nakonde, Mpika ndi Kapiri Mposhi. Mseuwo unali wa dothi, madalaivala ambiri anafera m'njira, ndipo unachedwa Hell Run, ndiko kuti ulendo wa ku Gehena. Tara amene anaikidwa pambuyo pake anali moyo wa dziko. Kum'mawa nako, ulalo watsopano wa pa Luangwa unatsegulidwa mu 1968. M'zaka zomwezo dziko lathu, limene linali litangolandira ufulu mu 1964, linali kumanga masukulu ambiri, ndipo oculuka anamangidwa pafupi ndi mseu, kumene malata, mabuku ndi aphunzitsi akanafika mosabvuta. Misika ndi midzi nayo inasendera ku tara. Motero mseu umodzi womwewo ndi njira ya malole a maiko atatu kapena anai, ndiponso ndi kanjira ka mwana wopita ku giredi 1.

Mu 2002 Nyumba ya Malamulo yathu inapanga malamulo atatu amene anagawa nchito za miseu. Bungwe la Road Development Agency limanga ndi kusamalira miseu. Bungwe la National Road Fund Agency lisunga ndalama zake. Bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene mulidziwa ndi dzina lakuti RTSA, liyang'anira malaisensi ndi citetezo ca pamseu. Miseu ikuluikulu iri ndi cilembo T patsogolo pa nambala yake: wa ku Livingstone ndi T1, wocokera ku Chirundu kudzera mu Lusaka kukafika ku Nakonde ndi T2, wa ku Ndola ndi Kitwe ndi T3, wa ku Chipata ndi T4. Miseu imeneyi si ya makhonsolo. Makhonsolo asamalira miseu ya m'matauni ndi ya kumidzi. Malire a liwiro aikidwa ndi nduna, ndipo apolisi ndi a RTSA ndiwo agwira oswa lamulo. Mukayerekeza, muona kuti dongosolo lathu lifanana ndi la ku Britain la mu 1937.

Ana athu nao anapeza owalankhulira. Mu 2017 mabungwe a Amend ndi Zambia Road Safety Trust anakonza malo ozungulira sukulu ya pulaimale ya Justin Kabwe mu Lusaka, naika njira za oyenda pansi, poolokera pokwera ndi zikwangwani. Mabungwe otere anapitiriza kukambirana ndi boma, ndipo pofika mu 2020 dziko lathu linali ndi lamulo lakuti pafupi ndi masukulu galimoto isapitirire makilomita 30 pa ola. Mu Febuluwale caka comweco nduna za maiko ambiri zinakumana ku Stockholm ndi kugwirizana kuti makilomita 30 ndiwo liwiro loyenera paliponse pamene magalimoto asakanikirana ndi oyenda pansi. Onani kuti ife sitinadzere njira ya khonsolo iriyonse payokha. Lamulo linacokera pamwamba, la sukulu zonse nthawi imodzi, ndipo mwa kuona kwanga imeneyo inali nzeru, pakuti mwana wa ku Nyimba safunikira kudikira kuti khonsolo yake ilemere ngati ya mu Lusaka.

Koma lamulo la papepala siliimitsa lole. Mu 2021 anthu oposa 2,000 anafa m'miseu ya Zambia, ndipo mu 2022 cimodzimodzi. Pafunika wina woika cikwangwani posonyeza pamene dera la sukulu liyambira, wina wopenta mizere ikafufutika, wina womanga hampu. Pa mseu wa T zimenezi sizicitika popanda cilolezo ca eni mseu. Midzi ina, mwana akagundidwa, imadziunjikira yokha mulu wa dothi pamseu. Mkwiyo wao ndiumva, koma mulu wopanda cikwangwani ugubuduza basi usiku ndi kupha ana a eni ake. Eni malole nao ali ndi dandaulo loona: kucokera ku Lusaka kukafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo masukulu a m'njiramo ndi ambiri. Maiko ena apeza njira ya pakati. Ku New South Wales, mu Australia, liwiro la pafupi ndi masukulu ambiri litsika kufika makilomita 40 kuyambira 8:00 kufikira 9:30 m'mawa, ndiponso kuyambira 2:30 kufikira 4:00 masana, pa masiku a sukulu okha. Kuno, kumene ana ena alowa m'mawa ndipo ena masana, maola otere angadziwike ndi aphunzitsi aakulu ndi komiti ya makolo, osati ndi munthu wa kutali.

Nchito ya sabata ino ndi iyi. Aphunzitsi, tengani cingwe ndi rula, muturuke ndi ana pa bwalo la mpira. Kabuku kaja ka Highway Code kasonyeza mtunda umene galimoto yaing'ono iyenda pa mseu wouma, kucokera pamene dalaivala waona mwana kufikira pamene galimoto iimirira. Pa makilomita 32 pa ola ndi mamita 12. Pa makilomita 48 ndi mamita 23. Pa makilomita 96 ndi mamita 73. Yesani mitunda itatuyi, muimike mwana pa mapeto a uliwonse, ndipo ana ena onse aime pa ciyambi kuti aone ndi maso ao. Muwauzenso kuti lole yodzaza katundu ifuna mtunda woposa pamenepa, ndiponso kuti pa mvula mtundawo utalika. Pomaliza mufufuze nambala ya mseu wa pa sukulu yanu ndi amene ausamalira. Ngati pali cikwangwani ca makilomita 30, aphunzitsi okha, osati ana, ayese mamita ocokera pa cikwangwanico kufika pa cipata. Ngati palibe, zilembedwe m'buku la sukulu, pamodzi ndi tsiku lake, ndipo zikawerengedwe pa msonkhano wotsatira wa makolo ndi aphunzitsi.